Bureka ya Earth Leakage Ikamagwa Kawirikawiri

Mvula ikayamba m'mwezi wa November, dandaulo limodzi limamveka m'nyumba zambiri za ku Nabvutika, ku Kapata, ku Mchini ndi m'mafamu ang'onoang'ono ozungulira mzinda wa Chipata. Dandaulo lace nlakuti magetsi angozima okha pamene kwa anansi akuyaka. Mwini nyumba akapita pa bokosi la maswichi apeza kuti bureka yagwa. Aikweza, magetsi nayaka, koma lisanathe ola limodzi yagwanso.

Kwa ena cimeneci ncosautsa cabe, cifukwa nsima icedwa kupsa ndipo ana alephera kuwerenga. Koma mlimi amene ali ndi anapiye 200 pansi pa nyale yofunditsa, kapena firiji yosungiramo mkaka, kapena pampu yotungira madzi pacitsime, angathe kutaya cuma ca miyezi yambiri usiku umodzi wokha. Pamenepo ndi pamene ambiri amalakwa. Amaganiza kuti bureka ndiyo yafa, nafunafuna munthu woti aicotse kapena ailumphitse ndi waya. Koma nthawi zambiri bureka imakhala iri bwino. Magetsi ndiwo akuthawira pena pace, ndipo nchito ya mwini nyumba ndiyo kupeza pamene akuthawira.

Mabureka Ali a Mitundu Iwiri

M'bokosi la maswichi, limene amisiri amalicha DB, muli mabureka ang'onoang'ono ondandalikana, olembedwa manambala monga 10, 20 kapena 30. Iriyonse iyang'anira mbali imodzi ya nyumba: ina nyale, ina masoketi, ina sitovu. Imagwa pamene katundu wacuruka pa waya umodzi. Sitovu ya mawati 2,000, ketulo ya mawati 2,000 ndi simbi yositira ya mawati 1,200, zikayatsidwa pamodzi, zikoka maampu oposa 22, ndipo bureka ya maampu 20 ingathe kugwa pakapita nthawi. Mankhwala ace ndi kucepetsa katunduyo.

Mtundu waciwiri ndi umene amisiri amaucha earth leakage. Iyo ndi yotambalala kuposa zinzace, iri ndi kabatani kolembedwa T kapena Test, ndipo pamaso pace palembedwa 30 mA kapena 0.03 A. Nchito yace ndi kuchinjiriza munthu, osati waya.

Magwiridwe ace afanana ndi a mbusa wa ng'ombe. M'mawa mbusa awerenga ng'ombe zoturuka m'khola, ndipo madzulo awerenga zolowa. Zikaturuka 20 nizibwera 19, adziwa kuti imodzi yasocera. Magetsi naonso amapita ku cipangizo podzera pa waya wamoto, wofiira kapena wabulauni, nabwerera podzera pa waya wa nyutrali, wakuda kapena wabuluu. Earth leakage imayerekeza opita ndi obwera nthawi zonse. Akasiyana, ndiye kuti ena apatuka nalowa m'nthaka podzera pa citsulo, pa khoma lonyowa, pa madzi kapena pa thupi la munthu. Pomwepo imadula magetsi isanathe sekondi imodzi.

Ampu imodzi iri ndi mamiliampu 1,000. Babu lakale la mawati 60 likoka mamiliampu pafupifupi 260, motero 30 ndi ocepa ndithu. Koma thupi la munthu silipirira ambiri. Munthu amayamba kumva kuluma pa miliampu imodzi. Akafika pa 10 kapena 15 minofu ya dzanja imakungika, ndipo munthu alephera kutaya cimene wagwira. Akapitirira 50 nadutsa pacifuwa angathe kusokoneza kugunda kwa mtima. Magetsi a m'nyumba za m'Zambia ndi a mavolti 230, ndipo munthu wonyowa, woima wopanda nsapato pa dothi lonyowa, akakhudza waya wamoto, m'thupi mwace mungadutse mamiliampu oposa 200.

Cipangizo cimeneci cinabadwa cifukwa ca imfa za anthu. Mu 1955 injiniya Henri Rubin wa ku Johannesburg anacikonza kuti cicepetse ngozi m'migodi ya golide ya ku South Africa, kumene amuna ambiri olankhula Cinyanja anali kugwira nchito. Mai wina atafa ndi magetsi m'nyumba ku Stilfontein, mudzi wa pamgodi, zipangizo mazana angapo zinaikidwa m'nyumba za kumeneko mu 1957 ndi 1958. Lero cimapezeka m'maiko ambiri. M'Zambia, kumene ZESCO inakhazikitsidwa mu 1970, ndipo lamulo la 2003 linakhazikitsa Rural Electrification Authority kuti ifikitse magetsi kumidzi, mabanja ambiri a alimi angocidziwa m'zaka za posacedwapa.

Kumene Magetsi Amathawira Pakhomo pa Mlimi

Cifukwa cacikuru ndi madzi. Denga la malata likadontha, madzi amatsata mtanda nalowa m'coikamo babu. Nyale yapanja, soketi ya pakhonde ndi swichi ya pacitsime zimalowa mvula yowomba ndi mphepo. Khoma la njerwa zosawocha limamwa cinyontho kucokera pansi, nilinyowetsa soketi imene iri pafupi ndi nthaka. M'khola la nkhuku muli pfumbi la utuci ndi cakudya, ndipo pfumbilo likanyowa limadutsitsa magetsi.

Caciwiri ndi waya wopita kukhola kapena kudimba. Alimi ambiri amakoka waya wa m'nyumba, namlumikiza ndi wina, namanga polumikizapo ndi pepala la pulasitiki, namkwirira pansi kapena kumkoleka pa mtengo. M'cirimwe waya wotere agwira nchito osabvuta. Mvula ikagwa, madzi alowa polumikizapo. Dzuwa nalonso limaumitsa cikopa ca waya kufikira cing'ambika, ndipo khasu la wolima limamtema osadziwa. Mphepete mwa lata mumaceka waya pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina denga lonse limakhala ndi magetsi.

Cacitatu ndi tizirombo. Pamene pali cimanga ndi cakudya ca nkhuku pali makoswe, ndipo makoswe amatafuna cikopa ca mawaya kudenga. Ciswe cimalowetsa dothi lonyowa m'mipaipi ya mawaya. Nyerere, mphemvu ndi abuluzi amalowa m'masoketi nafera momwemo, nalumikiza zitsulo zimene siziyenera kukhudzana.

Cacinai ndi zipangizo zotentha: ketulo, simbi, sitovu, giza ndi kacitsulo kotenthetsera madzi m'ndowa. Citsulo cotenthaco cikakalamba cimang'ambika, madzi nalowa. Cikakhala nthawi yaitali osayatsidwa cimamwanso cinyezi. Cacisanu ndi zipangizo za mota, monga pampu ya m'citsime, firiji ndi makina otamira mazira. Mota ikapsa pang'ono mkati, kapena madzi akalowa mu pampu, magetsi amathawira ku citsulo ca kunja.

Palinso cifukwa cina catsopano. Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, ndipo magetsi anali kuzimitsidwa maola ambiri tsiku ndi tsiku. Mabanja ambiri anagula majenereta ndi mainivetala a sola. Zimenezi zikalumikizidwa ndi munthu wosadziwa, waya wa nyutrali amakumana ndi waya wa nthaka pamalo olakwika, ndipo earth leakage imagwa nthawi iriyonse.

Kufufuza Mwadongosolo

Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Wofufuza akhale ndi manja ouma, abvale nsapato za mphira, ndipo ngati ndi usiku atenge tochi. Asatsegule cibvundikiro ca DB, asamasule soketi, asakhudze waya wosenda. Zonse zolembedwa pansipa zicitika ndi maswichi ndi mapulagi okha.

Coyamba, aone cimene cagwa. Ngati palibe bureka yagwa, ayang'ane mita, kapena mayunitsi atha, afunsenso anansi ngati kwao akuyaka. Ngati yagwa ndi bureka yaing'ono yokha, bvuto ndi kucuruka kwa katundu kapena kukhudzana kwa mawaya pa mbali imeneyo. Ngati yagwa ndi ya kabatani ija, magetsi akuthawa.

Caciwiri, azule mapulagi onse m'nyumba, kukhichini, kukhola ndi pacitsime. Kuzima swichi ya pasoketi sikukwanira, cifukwa maswichi ambiri amadula waya wamoto wokha, nasiya nyutrali yolumikizika. Azimenso nyale zonse.

Cacitatu, atsitse mabureka onse ang'onoang'ono, kenaka akweze earth leakage yokha. Ina imafuna kuti aikankhire pansi kotheratu asanaikweze. Ikakana kukhala m'mwamba pamene zonse ziri zozima, mwini nyumba alekere pomwepo. Bvuto liri m'mawaya a nyumba kapena m'bureka momwemo, ndipo imeneyo ndi nchito ya mmisiri.

Cacinai, ikakhala m'mwamba, akweze mabureka ang'onoang'ono imodzi imodzi, akudikira pang'ono asanakweze ina. Imene igwetsa earth leakage ndiyo iri ndi bvuto pa mbali yace. Aisiye pansi, amatepo kapepala kocenjeza, akweze zotsalazo. Motero nyumba ikhala ndi magetsi pamene akudikira mmisiri.

Cacisanu, mabureka onse akakhala m'mwamba osagwa, ayatse nyale imodzi imodzi, kenaka alowetse mapulagi limodzi limodzi, akuyatsa cipangizo ciriconse kuti cigwire nchito. Ketulo iwire, simbi itenthe, pampu itunge madzi. Cimene cigwetsa bureka ndico colakwa. Aciyese kaciwiri pa soketi ina: cikagwetsanso, bvuto liri m'cipangizo, cikapanda kugwetsa, bvuto liri pa soketi yoyamba ija. Cipangizo colakwa acicotse pamene ana angacipeze, ndipo asacibwereke kwa mnansi amene nyumba yace iribe earth leakage.

Pamene Igwa Mwa Apo ndi Apo

Bvuto lobvuta kuligwira ndi limene libwera nthawi zina zokha. Pamenepa cida cabwino ndi kope ndi pensulo. Nthawi iriyonse bureka ikagwa, wina wa m'banja alembe tsiku, ola, ngati kunali mvula kapena mame, ndi zimene zinali zoyaka. Mwana wa sukulu angathe kusunga kope limeneli. Pakatha mlungu umodzi zolembedwazo zimaloza cimene calakwa.

Ikamagwa mvula itangogwa, ayang'ane nyale zapanja, waya wa kukhola ndi denga. Ikamagwa mbandakuca, akaikire mame pa waya wa panja. Ikamagwa pakati pa usiku onse ali m'tulo, akaikire firiji, giza kapena pampu imene imadzuka yokha. Ikagwa kamodzi pa nthawi ya mphezi, niikhala bwino ataikweza, palibe codetsa nkhawa, cifukwa mphezi imakankha magetsi m'mawaya mwadzidzidzi.

Nthawi zina palibe cipangizo cimodzi colakwa. Firiji, wailesi ya kanema, kompyuta ndi pampu, ciriconse cimataya pang'ono ngakhale ciri cabwino. Bureka ya mamiliampu 30 ingathe kugwa kuyambira pa 15. Zotayika zazing'ono zikasonkhana nizifika pamenepo, ketulo ikangoyatsidwa bureka igwa, ndipo mlandu ugwera ketulo yosalakwa.

Palinso msampha wina. Waya wa nyutrali akakhudza citsulo kapena waya wa nthaka pena pace, bureka imagwa pamene cipangizo cacikuru ciriconse cayatsidwa, kaya ciri m'cipinda citi. Cizindikiro cace ncakuti lero yagwa ndi sitovu, mawa ndi simbi, mkuca ndi pampu. Kutsitsa mabureka ang'onoang'ono sikulipeza bvuto limeneli, popeza iwo sadula nyutrali.

Nchito ya Mmisiri

ZESCO iyang'anira mawaya kufikira pa mita. Kuyambira pamenepo kulowa m'nyumba ndi udindo wa mwini nyumba. Iye aitane mmisiri wophunzira, wokhala ndi satifiketi, ndipo asacite manyazi kupempha kuiona. Safunsa anadya phula.

Mmisiri weniweni amadza ndi cipangizo coyezera cikopa ca mawaya, cimene amacicha megger. Amadula magetsi, nayesa mbali iriyonse payokha ndi mavolti 500, ndipo waya wabwino ayenera kuonetsa megohm imodzi kapena kuposapo. Amayesanso bureka yeniyeniyo kuti aone ngati igwa pa mlingo wace ndi pa nthawi yace, nayang'ana ndodo ya citsulo yokhomedwa m'nthaka ndi waya wace wobiriwira, popeza ana, dzimbiri kapena mbala za mkuwa zimamdula. Munthu amene angofika nanena kuti bureka isinthidwe, asanayese kanthu, akungolota. Yatsopano idzagwa monga yakale.

Mlimi amene ali ndi khola kapena pampu apemphe zinthu zitatu. Waya wa panja akhale wa cikopa colimba copangidwira kukwiriridwa pansi, kapena adutse mu paipi, wopanda zolumikiza pakati. Masoketi ndi maswichi a panja akhale osalowa madzi. Khola ndi pampu zikhale ndi earth leakage yao yao, kuti simbi ikalakwa m'nyumba anapiye asagone mumdima, ndiponso kuti zotayika zazing'ono zisasonkhane pa bureka imodzi. Jenereta kapena inivetala ilumikizidwe ndi swichi yosinthira imene imadula mawaya a ZESCO kotheratu, cifukwa popanda iyo magetsi amabwerera ku mapolo napha wa nchito amene akukonza mawaya kumeneko.

Kulumphitsa Bureka

Alipo anthu amene amati kwa ndalama zocepa angathe kuthetsa bvuto lonse. Amalumikiza waya modutsa earth leakage, kapena adula waya wa nthaka, kapena amanga swichi ndi mphira kuti isagwe. Magetsi amayakadi, ndipo mwini nyumba amathokoza. Koma kuthawa kwa magetsi kuja sikunathe. Tsopano ali pa citsulo ca firiji, pa mpopi wa madzi, pa lata la khola kapena pa waya woyanikapo zobvala amene wamangidwa ku denga, ndipo akudikira wowakhudza. Kawirikawiri wowakhudzayo amakhala mai amene wacoka kocapa ndi manja onyowa, kapena mwana wopanda nsapato wotumidwa kukapatsa nkhuku madzi. Magetsi othawa amatenthanso polumikiza mawaya, ndipo utuci wa m'khola ndi udzu wouma sizicedwa kuyaka.

Ena amacotsa bureka ya 30 mA naikapo ya 100 kapena 300 mA kuti isamagwe. Zimenezo zinapangidwira kuchinjiriza nyumba ku moto, ndipo siziyenera kudaliridwa pa kupulumutsa munthu wogwidwa ndi magetsi. Kukokera mnansi waya kudutsa mpanda nako ndi mlandu, ndiponso kumabweretsa zolakwa za nyumba ina pa bureka ya mwini mita.

Munthu akamva kuluma pang'ono pokhudza sitovu, mpopi kapena firiji, limenelo ndi cenjezo. Azime magetsi, nauze onse a m'nyumba tsiku lomwelo.

Anapiye pa Usiku wa Bvuto

M'mlungu woyamba anapiye afuna kutentha kwa madigiri 32 kufikira 35, ndipo akazizidwa amaunjikana pangodya napsinjana. Mantha a kutaya anapiye ndiwo amakankha alimi ambiri kulumphitsa bureka. Cifukwa cace mlimi akonzeretu mbaula ndi thumba la makala anapiye asanafike. Mbali ya khola ikapezeka yolakwa, aisiye yozima, akoleze mbaula panja kufikira utsi utatha, aiike pa njerwa mkati ataichinga kuti anapiye ndi utuci zisaikhudze, nasiye mpata wolowera mpweya. Munthu asagone m'cipinda cotseka muli mbaula, popeza mpweya wa makala umapha mwakacetecete. Anapiye akafa angagulidwe ena mwezi wamawa, koma mwana wa m'nyumba sagulidwa.

Wina Akagwidwa ndi Magetsi

Womuona asamgwire ndi manja, cifukwa naye adzagwidwa. Athamangire kukatsitsa swichi yaikuru, kapena azule pulagi. Ngati swichi iri kutali, aime pa thabwa louma, nakankhe wayayo ndi ndodo youma kapena mpini wouma. Wogwidwayo akaleka kupuma, wodziwa cithandizo coyamba ayambe kumpsinja pacifuwa pamene ena akufuna galimoto. Ngakhale adzuke nanena kuti ali bwino, apite naye ku kiliniki yapafupi kapena ku Chipata Central Hospital, cifukwa magetsi amawocha mkati mwa thupi ndipo mtima ungabvute pambuyo pace. Aliyense wa m'banja, kufikira ana a sukulu, adziwe pamene pali swichi yaikuru, ndipo patsogolo pace pasaunjikidwe matumba a cimanga. Waya wa ZESCO akagwa pansi, anthu ndi ziweto akhale kutali, ndipo ZESCO iuzidwe msanga.

Kuyesa Miyezi Itatu Iriyonse

Earth leakage imene sinagwepo zaka zambiri ingakhale itauma mkati ndi pfumbi. Mwini nyumba asindikize kabatani ka T kamodzi pa miyezi itatu iriyonse, masana, magetsi ali oyaka. Yabwino igwa nthawi yomweyo. Ikapanda kugwa, isinthidwe msanga. Kabataniko kamayesa bureka yokha, sikayesa ndodo ya m'nthaka. Ndiponso bureka siingapulumutse munthu amene wagwira waya wamoto ndi nyutrali pamodzi, motero siicotsa kufunika kwa kusamala.

Mwezi wa October, pamene alimi akukonza minda ndi kugula mbeu, ndiyo nthawi yabwino yoyendera mawaya onse a pakhomo. Mwini nyumba amate pamene denga lidontha, akweze mawaya ogona pansi, asese pfumbi pa nyale za m'khola magetsi ali ozima, achere makoswe, nayese kabatani. Wocita zimenezi mvula isanagwe adzadzuka kamodzikamodzi usiku, ndipo tsiku limene bureka idzagwa adzadziwa poyambira.